Galimoto Yakale Ikazima Panjira ya Kuchipatala

Amayi anzanga, m'madera ambiri a m'chigwa cha Domasi muli galimoto imodzi imene aliyense amaizindikira pongomva kulira kwake. Mwina ndi ya kuparishi, mwina ndi ya aphunzitsi opuma ntchito, mwina ndi ya mwana wa m'mudzimo amene ali ku Johannesburg. Imakhala imodzi mwa galimoto zija zazitali, monga Land Cruiser, Prado, Hilux Surf, Pajero kapena X-Trail, zomwe zambiri zinafika kuno zitayenda kale zaka zingapo ku Japan. Masana imanyamula matumba a mpunga kupita nawo ku Songani, Lamulungu imanyamula kwaya. Koma usiku, mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, galimoto yomweyo ndiyo ambulansi yathu.

Ikawonongeka, mbale ya zopereka imadutsa kwa ife. Timasonkha ku mphakati, timakongola ku banki nkhonde, kenaka timamva kuti agula batire latsopano koma ikuzimabe, agula pampu koma ikuzimabe. Ambiri timangoti chete poganiza kuti za injini ndi za abambo. Sichoncho ayi. Kawirikawiri galimoto yakale siifa mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula, ndipo munthu wodziwa kumvetsera ndi kufunsa mafunso mwadongosolo amapulumutsa ndalama, mwinanso moyo umene. Luso limeneli muli nalo kale, pakuti ndi lomwe mumagwiritsa ntchito mwana akatentha thupi.

Nanga mzamba ndi injini zikukhudzana bwanji?

Kusukulu ya anamwino timaphunzitsa za kuchedwa kutatu komwe kumapha amayi pa uchembere, monga anakufotokozera Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine mu 1994. Koyamba ndi kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala. Kwachiwiri ndi kuchedwa panjira. Kwachitatu ndi kuchedwa kulandira chithandizo mutafika. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa 2015-16 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira angathe kutisiya m'maola awiri okha ngati sathandizidwa.

Kuchokera pa Domasi kukafika ku Zomba Central Hospital ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20 pamsewu wa tala wa M3. Koma amene akuchokera kumunsi, kuminda ya mpunga cha ku nyanja ya Chilwa, amayamba walimbana ndi msewu wa fumbi kapena matope asanaone tala. Galimoto ikazima pakati pa ulendo wotere, ola limodzi la kukangana za chimene chawonongeka ndi ola lochotsedwa pa maola awiri aja.

Yambani ndi mbiri ya matenda

Kuchipatala sitiyamba ndi jakisoni. Timayamba ndi mafunso. Chitaninso chimodzimodzi ndi galimoto, ndipo mayankho muziwalemba m'kope lomwe lizikhala m'galimoto momwemo.

Funsani adalaivala kuti: yazima injini ili yozizira kapena itatentha? Yazima mwakamodzi ngati munthu wazimitsa kiyi, kapena inayamba kudukiza ndi kufooka? Munali pachitunda, m'mabampu kapena m'madzi? Mafuta omaliza munathira liti, kuti, ndipo otsala ndi ochuluka bwanji? Kodi pali nyali ina imene inayaka patsogolo pa dalaivala isanazime? Nanga ndani anaigwira komaliza, ndipo anasintha chiyani?

Mafunso asanu ndi limodzi amenewa amachepetsa kale malo ofufuza. Injini imafuna zinthu zochepa kuti ilire: magetsi oizungulitsa, mafuta oyera, mpweya, ndi moto. Ya petulo imapeza moto ku mapulagi. Ya dizilo imayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri mkati mwa injini. Ikakana kulira, ndiye kuti chimodzi mwa zimenezi chasowa, ndipo ntchito ndi kupeza kuti ndi chiti.

Ikakana kulira: tcherani khutu pa kiyi

Funso lalikulu ndi ili: mukapotokola kiyi, injini ikuzungulira kapena ayi? Apa ndi pamene njira ziwiri zimasiyana, ndipo amene wasokoneza apa amagula zinthu zosafunika.

Ngati injini siikuzungulira, kapena mukungomva kuti tha-tha-tha, vuto lili ku magetsi. Yatsani nyali zakutsogolo, wina aziyang'ana pamene mnzake akuliza. Zikachita mdima kapena kuzimiratu, batire lafooka, kapena mawaya ake sakugwira bwino. Tsegulani boneti muone mitu iwiri ya batire. Ngati pali zoyerayera kapena zobiriwira ngati nkhungu, kapena waya ukugwedera mukaukhudza, mwina matenda ndi omwewo. Zimitsani zonse, masulani waya wa chizindikiro chochotsera poyamba, tsukani mituyo ndi madzi osungunuliramo soda yemwe uja wophikira therere, pukutani, ndipo mangani zolimba, waya wochotsera pomalizira. Samalani kuti sipanala isakhudze mitu yonse iwiri nthawi imodzi. Mabatire ambiri abwinobwino atayidwa chifukwa cha litsiro lokha.

Ngati nyali zikuwalabe bwino koma injini ili zii, ganizirani za sitata, fyuzi kapena giya. Galimoto ya otomatiki siilira ngati giya sili pa P kapena pa N, ndipo ikakalamba nthawi zina imakana pa P n'kuvomera pa N. Dziwaninso kuti ya otomatiki siilira poikankha, musavutitse anyamata a m'mudzi. Yokankha ndi ya giya lamanja, ndipo amaika giya lachiwiri.

Ngati injini ikuzungulira bwinobwino koma osagwira moto, batire ndi sitata zilibe mlandu. Musalole kuti wina akugulitseni zimenezo. Apa yang'anani ku mafuta ndi ku moto. Choyamba, mafuta alimodi? Geji ya galimoto yakale imanama. Pa galimoto ya petulo, potokolani kiyi pang'ono osaliza, wina aike khutu pafupi ndi thanki. Pampu yamoyo imang'ung'udza masekondi awiri kapena atatu. Ikakhala chete, aone fyuzi ndi relay yake asanaweruze kuti pampuyo yafa, chifukwa tiziwiri timeneti n'totchipa kwambiri poyerekeza ndi pampu. Pa ya dizilo imene imavuta m'mawa mokha, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, n'kumatulutsa utsi woyera ikalira, nthawi zambiri ndi mapulagi otenthetsa injini amene atopa. Ndipo ngati kanyali kokhala ndi chithunzi cha kiyi kakuphethira, galimoto siikuzindikira kiyiyo. Yesani kiyi winayo.

Musalize kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi. Pumirani pang'ono musanayesenso. Kuliza mosalekeza kumamaliza batire ndi kutentha sitata, ndiye mumakhala ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi.

Ikazima ikuyenda: mazimidwe ake amanena zambiri

Galimoto imene imayamba kudukiza, kufooka pachitunda, kenaka n'kuzima pang'onopang'ono, nthawi zambiri ikusowa mafuta okwanira. Sefa ya mafuta yatsekeka, kapena pampu yatopa, kapena m'mafutamo muli madzi. Sefa ndi yotchipa kuposa zonsezi, choncho ndi poyambira pabwino. Onaninso sefa ya mpweya, pakuti fumbi la mu Okutobala limaitseka msanga.

Galimoto imene imayenda bwino ikadali yozizira, n'kuzima mwakamodzi ikatentha, kenaka n'kudzaliranso mutaipumitsa kwa theka la ola, ili ndi matenda odziwika. Kawirikawiri ndi sensa imene imauza kompyuta ya galimoto mmene injini ikuzungulirira, kapena relay, kapena pampu yomwe imafooka ikatentha. Matenda amenewa ndi onyenga, chifukwa pofika kugalaja galimoto imakhala ikulira bwino, ndipo anthu amati yachira yokha. Siinachire. Idzazimanso tsiku lomwe mukuifunitsitsa.

Ngati kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kanayaka muli paulendo, nyali zakutsogolo n'kumachita chizimezime mpaka galimoto kuzima, ndiye kuti batire silikulandira moto. Wolakwa ndi alternator kapena lamba woizungulitsa. Mukangogula batire latsopano, lidzakutumikirani maola ochepa n'kuthanso. Amakaniko ali ndi kachipangizo kotchedwa multimeter koyezera zimenezi m'mphindi ziwiri. Batire labwino lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6 volts injini ili yozima, ndipo ikamalira liyenera kuonetsa cha m'ma 14. Ngati nambala siikukwera injini ikamalira, vuto si batire. Pemphani kuti akuonetseni ndi maso anu.

Galimoto imene imazima m'mabampu n'kuliranso mukagwedeza mawaya ili ndi waya womasuka kapena wodyeka. Kumbukirani kuti galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a mpunga imalandira alendo. Makoswe amakonda kufunda kwa injini ndipo amatafuna mawaya.

Mafuta a m'zigubu

Kuyambira mu 2022 mafuta akhala akusowasowa m'dziko muno, ndipo ambiri tagulapo a m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Ena mwa mafuta amenewa amakhala ndi madzi, litsiro kapena parafini. Ngati galimoto yayamba kudwala tsiku lomwe mwathira mafuta otere kapena m'mawa mwake, musafufuze kutali. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, lisiyeni likhazikike. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, amakakhala pansi.

Galimoto zambiri za dizilo zili ndi kabotolo kosonkhanitsa madzi pansi pa sefa, komanso kanyali kochenjeza kakadzaza. Adalaivala ayenera kudziwa kukhetsa madziwo. Ayeneranso kudziwa kuti dizilo akatheratu, mpweya umalowa m'mapaipi ndipo galimoto siilira ngakhale mutathira wina, mpaka atapopa kapampu kamanja kokhala pamwamba pa sefa. Pa ya petulo, kuyenda ndi thanki yotsala pang'ono kuuma kumatopetsa pampu, chifukwa mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa. Chizolowezi chathu chothira malita awiri okha pa ulendo uliwonse chimaoneka chosunga ndalama, koma chimadya pampu.

Nthawi zinayi zosayenera kuliza konse

Pali zizindikiro zoopsa zomwe zimatanthauza kuti chotsani dzanja pa kiyi.

Choyamba, galimoto ikazimira m'madzi. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Freddy anasiyira misewu ndi milatho mu Malichi 2023, ndipo chaka chilichonse timitsinje totsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa timadzaza mwadzidzidzi. Madzi akalowa mu injini, kuliza kumapinda zitsulo zamkati ndipo injini yonse imatha. Ikokeni, amakaniko ayambe achotsa madziwo.

Chachiwiri, kanyali kofiira ka oyilo kakayaka injini ikulira. Imani pomwepo. Injini yopanda oyilo imafa m'mphindi zochepa.

Chachitatu, geji ya kutentha ikafika pofiira kapena nthunzi ikamatuluka kuboneti. Zimitsani, ndipo musatsegule chivindikiro cha rediyeta ikadali yotentha. Kuwodi timalandira anthu opsa nkhope ndi manja chifukwa cha zimenezi.

Chachinayi, ikazima mwadzidzidzi ndipo poliza injini ikuzungulira mopepuka ndi mothamanga kuposa masiku onse. Mwina lamba wamkati wotchedwa timing belt waduka, ndipo kuliza kumawonjezera kuwonongeka. Pa injini zambiri zokhala ndi lamba ameneyu, amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 kapena cha pamenepo. Funsani kuti wa galimoto yanu anasinthidwa liti. Ngati palibe akudziwa, muyeseni wokalamba.

Mukafika kwa amakaniko

Amisiri athu ambiri ndi aluso ndiponso okhulupirika, koma nawonso amagwira bwino ntchito akapatsidwa mbiri yomveka. Pitani ndi kope lija. Galimoto zokhala ndi kompyuta zimasunga chikumbutso cha zolakwika, ndipo magalaja ena ali ndi makina owerengera chikumbutsocho. Kulipira kuyezetsa kumeneku n'kotchipa kuposa kugula zipangizo mongoyerekeza. Komabe makinawo amangoloza dera la matenda, mmisiri ayenera kuyezabe waya ndi chipangizocho asanasinthe.

Musanatulutse ndalama za gulu, funsani mwaulemu mafunso atatu. Mwayeza chiyani kuti mudziwe kuti chawonongeka ndi chimenechi? Tikachisintha galimoto n'kumazimabe, tidzatani? Kodi chakalecho mutibwezera? Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulakwitsa kumodzi kungadye zosonkha za miyezi ingapo. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuyambira chotchipa, kuti mudziwe chimene chachiza. Safunsa anadya phula.

Ndipo ngati parishi kapena banja likufuna kugula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, musakopeke ndi penti. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ipezeni m'mawa injini isanalizidwe, muone mmene ikulirira ili yozizira, kenaka muyende nayo mpaka itenthe, mukwere nayo chitunda, muizimitse ndi kuilizanso. Pepala la COF limasonyeza kuti galimoto ndi yololedwa kuyenda pamsewu, koma silikuuzani kuti pampu yatsala ndi masiku angati.

Ikazima muli ndi mayi woyembekezera

Apa lamulo ndi limodzi: wodwala ndi mayi, osati galimoto. Ikankhireni kumbali kwa msewu, ikani zizindikiro zochenjeza kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo gawanani ntchito. Adalaivala aone mitu ya batire, mafuta ndi mafyuzi. Nthawi yomweyo, osadikira zotsatira, wina aimbe foni kufuna galimoto ina ndi kudziwitsa chipatala chomwe chili pafupi, kaya ndi Domasi Rural Hospital, St Luke's ku Malosa kapena Zomba Central, kuti muli pati ndipo mayi ali bwanji. Ngati mphindi khumi zatha galimoto isanalire, musinthireni mayiyo m'chokwera china chilichonse chodalirika. Ngati ndi njinga yamoto, pakhale munthu wachitatu womugwira kumbuyo.

Podikira, mayi agone chammbali, kumanzere, ndipo mumufunditse. Musamupatse mwanamphepo kapena mankhwala ena ofulumizitsa kubereka. Akayamba kukomoka ndi kugwedezeka, mugonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa mwake. Mwana akabadwira panjira, mupukuteni ndi chitenje choyera, chotsani chonyowacho, mugonekeni pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, ndipo afunditseni onse awiri pamodzi ndi mutu wa mwana. Musakoke mchombo ndipo musaudule ndi lezala lapanjira. Akadula kuchipatala. Ngati mayi akutaya magazi ambiri atachira, sisitani mwamphamvu pamimba pansi pa mchombo wake mpaka chiberekero chilimbe ngati mpira, muyamwitseni mwana, ndipo pitirizani ulendo mwachangu.

Koma chabwino koposa ndi kusaika moyo wonse pa galimoto imodzi. Mayi wa mimba yoyamba, wa mapasa, amene anachitidwapo opareshoni, wothamanga magazi, kapena wokhala kutsidya kwa mtsinje m'nyengo ya dzinja, apite kuchidikiro nthawi ikadalipo. Kumeneko sikusowa petulo.

Zoti mukakambirane pa msonkhano wotsatira

Pa msonkhano wanu wa amayi, sankhani awiri oti aziyang'anira za mayendedwe a odwala. Iwo alembe manambala a foni a eni galimoto osachepera atatu ndi a njinga zamoto odalirika, n'kugawa ku miphakati yonse. Agwirizane ndi mwini galimoto kuti thanki isamatsike pansi pa kota, ndipo gulu lipatule kandalama ka mafuta a mwadzidzidzi kosabwereketsa. Aonetsetse kuti m'galimoto muli tochi, mawaya obwerekera moto, mafyuzi apadera, sipanala ya batire, chingwe chokokera, madzi ndi zitenje ziwiri zochapa. Kamodzi pa sabata, tinene Loweruka, adalaivala aone oyilo, madzi, malamba, matayala ndi mitu ya batire, alize galimoto ndi kulemba m'kope. Galimoto yongokhala osalizidwa kwa milungu imamaliza batire ili chiimire.

Pemphaninso mmisiri wa m'dera lanu abwere tsiku lina itatha Misa, atsegule boneti, akuonetseni batire, sefa, lamba ndi bokosi la mafyuzi. Ola limodzi ndi lokwanira kuti mantha achoke.

Timakonda kusinkhasinkha za Amayi Maria pamene ananyamuka mofulumira kupita kudziko la mapiri kukathandiza Elizabeti ali woyembekezera. Utumiki womwewo uli m'manja mwanu lero, ndipo mbali ina ya utumikiwo ndi kuonetsetsa kuti chokwera chilipo ndipo chidzalira. Sabata ino, kafunseni adalaivala kuti galimoto inazima liti komaliza, ndipo inazima motani. Yankho lake mulilembe.